Ndodo yamkuwa ya pawindo la apongozi

Ankawatchula kuti a Zimitsani chifukwa akalowa m'nyumba ya munthu, mawu awo oyamba anali amenewo, moni pambuyo. Ali mnyamata, magetsi anawagwetsa pamakwerero n'kuwasiyira chala chopindika, ndipo kuchokera pamenepo sankakhudza waya asanazimitse swichi yaikulu ndi dzanja lawo. Bodza sankalidziwa. Mawaya ako akawola ankakuuza pamaso kuti awola, ukwiye usakwiye. Munthu mmodzi yekha ndiye ankawatseka pakamwa: apongozi awo, mayi a akazi awo.

Apongoziwo anali atalandira nyale yatsopano kuchokera kwa mwana wawo wamwamuna, chinyale chachitsulo chamikono isanu, ndipo anafuna chipachikidwe pabalaza m'malo mwa kababu kakale. Mkamwini wodziwa magetsi alipo, kuitaniranji wina?

Nyumbayo inali yakalekale. A Zimitsani atasuzumira kudenga anapeza mawaya awiri okha, chikopa chake chikuyoyoka ngati khungwa louma. Waya wachitatu, wopita m'nthaka, panalibe. Kababu kapulasitiki kankapirira zimenezo, koma nyale yachitsulo ndi nkhani ina. Waya wamoto ukakhudza chitsulocho, magetsi amafuna njira yothawira pansi, ndipo akaisowa amadzera mwa munthu wopukuta fumbi. Wopukuta fumbi m'nyumbamo anali apongozi.

Anakwawa m'dengamo, mimba ikukhula matabwa, n'kukoka mawaya atsopano atatu mpaka kubokosi la mita. Kenako anazungulira kuseri kukafuna ndodo yamkuwa imene imakhomedwa m'nthaka kuti waya wachitatu uja amangidwepo. Anapeza waya wakale wochokera kubokosi akulendewera pakhoma, wina atayanikapo chisanza. Ndodo kunalibe.

Anaipeza atakweranso makwerero pabalaza. Inali pamwamba pa windo, ikunyezimira, itanyamula katani yamaluwa. Nsonga yake yosongoka inali pomwepo, ndi kachitsulo komangirira waya komwe.

Anaitanira akazi awo pakhonde n'kuwanong'oneza. Akaziwo anaseka mpaka kugwira chipupa. Anati mayi awo anaifukula ndodoyo kale, bambo awo atangomwalira, ponena kuti malemuwo analibe nzeru, chinthu chokongola chotero n'kuchikwirira ngati mphaka wakufa. Ankaikwecha ndi phulusa, ndipo mlendo aliyense ankaonetsedwa.

"Ingokagulani ina mukhome mwakachetechete," anatero akaziwo. "Musawachititse manyazi. Mukayamba maulaliki anu aja, mugona ndi njala."

A Zimitsani anaganizadi zotero, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya za apongozi ndi zoyenera kulewa. Chinawaletsa ndi windo lachiwiri. Katani yake inkalendewera pachingwe chofota pakati. Ndodo yatsopano ikanakhala m'nthaka mpaka tsiku limene apongozi akanaiona, ndipo nyale yachitsulo ikanatsalanso yopanda njira yopita pansi, iwo osadziwa.

Choncho anavula chipewa, nakhala pampando wamfupi, n'kuyamba kuzungulira. Anayamikira katani. Anayamikira maluwa a pakatani. Anafunsa za msana.

"Bambo, nenani," anatero apongozi. "Mwatuluka thukuta ngati mwaba."

Ananena, maso ali pansi. Anafotokoza kuti malemu sanakwirire ndodoyo mopusa, kuti ntchito yake ili m'nthaka momwemo, ndi kuti popanda iyo sangayatse nyaleyo ngakhale atathamangitsidwa pakhomo.

Apongozi anayang'ana pawindo. Akazi awo a Zimitsani anali atazemba kale.

"Ndiye kuti mwamuna uja anali ndi nzeru?" anafunsa apongozi.

"Pa ichi chokha, mayi, anali nazo."

"Musakawauze anthu. Ndamunyoza nayo ndodoyi kwa aliyense wolowa muno."

Ndodo ya pawindo anakana nayo. Anati yazolowera kukhala m'nyumba, singabwerere kudothi. A Zimitsani anapita kusitolo ya zitsulo n'kubwera ndi ina. Poikhoma kuseri, pamalo achinyontho, apongozi anatulutsa mpando n'kukhala pafupi, maso ali pa mkuwawo pamene unkamira. A Zimitsani anamangapo waya, anayeza ndi chipangizo chawo, kenako anakayatsa swichi yaikulu. Mababu onse asanu anayaka, ndipo a Zimitsani anagwira chitsulo cha nyale ndi dzanja lawo kuti mayiwo aone.

Atayamba kulongedza zida, apongozi anawaimitsa n'kuloza kuseri, kumene kamutu ka ndodo kankaonekera m'dothi, kakuwala padzuwa.

"Thiranipo simenti pamenepo, bambo, muphimbe ndithu. Ine ndimadzidziwa."