Mudzi Umene Unatsala mu Laputopu

Mwezi wa Okutobala ku Nchalo munthu sugona kwenikweni, komanso sukhala maso kwenikweni. Kutentha kumakukanikizira pampando. Kuminda akaotcha nzimbe, timaphulusa takuda timatsika pang'onopang'ono n'kumatera pa zovala zoyanika, m'mbale, ndi m'mitu ya anthu odutsa. Zambiri zimene ndimakumbukira za zaka zimenezo ndimaziona kuseri kwa timaphulusa timeneto.

Ndinali kalaliki pa esiteti ya nzimbe. Za makompyuta ndinaphunzira poyang'anitsitsa amisiri akabwera kudzakonza a mu ofesi. Loweruka ndinkatulutsa tebulo pakhonde, ndipo aphunzitsi ndi anamwino ankandibweretsera malaputopu odwala. Ambiri nthenda yake inali imodzi: mavayirasi olowa ndi fulashi.

Loweruka lina masana kunabwera alamu anga, amuna awo a malemu achemwali. Ankakhala kutsidya kwa Shire, kwa Makhuwira. Anawoloka pabwato, kwinaku n'kukwera kabaza. M'khwapa anapanira kanthu kokulungidwa m'chitenje chobiriwira, ndipo chitenjecho ndinachizindikira ndisanaone nkhope yawo. Chinali cha achemwali.

"Muli tani, alamu?" ndinawalonjera.

"Ine ndili bwino. Wodwala ndi uyu." Anaika laputopu patebulo mosamala ngati mazira. "Achemwali anu sakutulukanso."

Ndinamva chimene ankatanthauza. Mwana wawo wamkazi, ali pasukulu m'tauni, anabwera kutchuthi n'kujambula kanema wamfupi pakhomo pawo. Dzinja lotsatira mtsinje wochokera kumapiri a ku Thyolo unasiya njira yake n'kudutsa m'mudzi. Madzi ataphwa, pamene panali nyumba panali mchenga wokhawokha. Anthu anasamukira kumtunda. Kumalo atsopanoko achemwali anadwala, n'kutisiya. Zithunzi zapepala zinali zitapita ndi madzi, ndipo foni yojambulira inafa kalekale. Mwanayo popita kutali kukagwira ntchito anasiyira bambo ake laputopuyo, nawaphunzitsa mabatani oti azidina. Nkhope ndi mawu a achemwali zinatsala mmenemo basi. Ine kanemayo ndinkangomumva, ndinali ndisanamuonepo.

Nditatsegula, ndinaona kuti pamalo poyendetsa chala patukumuka ngati mtanda wa mandasi. Batire linali litatupa m'kati. Nditayatsa, kafani kake kanayamba kulira ngati kakupempha madzi. Mafoda onse analipo, koma iliyonse inali ndi kamuvi kakang'ono pakona. Ukadina, kazenera kakuda kankaphethira n'kuzimiririka.

"Mumaitchaja kuti?"

"Kwa ometa tsitsi pamsika. Ali ndi sola."

"Amaiika pati?"

"Pamwamba pa kabati, kuti ana asaigwire."

"Kufupi ndi malata."

"Ndiye kumene ana safikako."

"Ikadzaza?"

"Ndimaimangirira pakaliyala, ulendo wa kunyumba."

"Dzuwa lili pamutu."

"Nanga dzuwa la kwathu limakhalanso pati?"

"Mukafika kunyumba?"

Apa anayang'ana kumsewu. "Ndikafika kunyumba, anthu amabwera."

Kumudzi watsopanoko kunalibe magetsi. Anansi anazindikira kuti laputopu ili ndi timabowo m'mbali, ndipo ukalowetsamo chingwe foni imalandira moto. Madzulo aliwonse ankabwera ndi zingwe zawo, wina akachotsa wina n'kulowetsa, mpaka laputopuyo itazima yokha. Foni iliyonse inali ndi kakhadi kake kodzaza nyimbo zokopera pamsika, ndipo kakhadi kalikonse kankasiyamo mavayirasi ake.

Ndinawafotokozera mwachidule. Batire limadana ndi zinthu ziwiri, kutentha ndi kukamidwa mpaka dontho lomaliza, ndipo ili linkakumana nazo zonse tsiku ndi tsiku. Mavayirasi nawo sauluka ndi mphepo, amachita kulowetsedwa ndi dzanja la munthu.

"Muziwakaniza," ndinatero.

"Nkhabe," anakana.

"Alamu, mukapitiriza idzafa."

"Amene anandichotsa padenga ndi bwato lawo, ndikawauze kuti chingwe chawo chili ndi matenda? Inu a ku esiteti muli ndi mipanda. Ife tinasamuka ndi mtondo umodzi ndi njinga imodzi. Chili m'nyumba imodzi n'cha mudzi wonse."

Ndinazimitsa laputopuyo, ndinamasula tizomangira tapansi, n'kuchotsa batire pang'onopang'ono, osalipinda kapena kulibaya, chifukwa batire lotupa likabooka limayaka. Ndinaliika m'chitini cha mchenga, pamthunzi, kutali ndi khitchini.

"Mwaliika m'manda lisanafe," anatero alamu.

"Linafa kale. Limangoyenda."

Ndinalumikiza laputopuyo kumagetsi a khoma. Tsopano moyo wake wonse unali pa waya wochokera kumakina a magetsi a ku Kapichira, ndipo mumtima ndinkangoti asathime. Ndinali ndi fulashi imodzi yoyera imene sindinkabwereketsa ngakhale kwa abusa. Ndinadzutsira laputopuyo pa fulashi imeneyo, kuti mavayirasi asadzuke nayo, kenako ndinauza pulogalamu yowasaka kuti iyambe kufufuza chipinda ndi chipinda.

Ntchito imeneyi ndi yodikira. Kamzere kobiriwira kankakwawa pasikirini ngati bwato lokwera mtsinje. Mayi a kunyumba anatibweretsera thobwa n'kubwerera m'nyumba. Timaphulusa tinkatera pamabatani, ine n'kumatiuzira. Kenako sindikudziwa kuti maso anatsekeka liti. Ndinaona mchenga woyera wopanda malire, ndipo pansi pake ndinkamva anthu akusinja. Achemwali ankayenda patsogolo panga ndi lichero pamutu, osasiya mapazi pamchengapo. Ankati akaponda, denga la nyumba linkatumphuka pang'ono n'kumiranso. Ndinkafuna kuwaitana, koma iwo ankangopitirira.

"Sing'anga wagona, wodwala akubuula," anatero alamu, akundigwedeza bondo.

Pasikirini panali pofiira. Pulogalamu inapeza mavayirasi ambirimbiri, ndipo pakati pawo panali mafoda onse a timivi aja, ngakhale ina yolembedwa kuti Kumudzi. Inkafunsa ngati ndikufuna kufufuta.

Alamu sadziwa Chingerezi, koma mawu oti Kumudzi anawawerenga. Anandigwira mkono.

"Imeneyo ayi."

"Si yeniyeni. Vayirasi wamtunduwu amabisa foda yeniyeni, n'kuika chithunzithunzi chake pakhomo. Mukadina chithunzithunzicho, ndiye mukumudyetsa."

"Mukutsimikiza?"

Ndinali nditaziona kambirimbiri. Koma ndinali nditaonanso malaputopu amene mavayirasi ena anadya zonse, osasiya kanthu. Ndinawauza zoona: "Za chithunzithunzi ndikutsimikiza. Ngati yeniyeni ikadalipo, tiona limodzi."

Anayang'anitsitsa fodayo, dzanja lili pamkono wanga. Kenako analichotsa. Ndinafufuta. Pamalo pamene panali mafoda panatsala poyera, ngati mchenga uja.

Ndinalamula kompyuta kuti ionetse zonse zobisidwa. Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako mafoda anayamba kuonekera, otumbuluka, ngati nyumba zikamatuluka m'nkhungu ya m'mawa kudimba. Ya Kumudzi inali pomwepo. Ndisanaitsegule ndinaikopera pa fulashi ina yatsopano, chifukwa chinthu chokhala pamalo amodzi chili ngati chatayika kale. Ndipo ndinadina.

Achemwali anali pansi pa mtengo wa masawu, akupeta mpunga. Mankhusu ankauluka m'kuwala kwa madzulo. Anatembenuka, natukula nsidze monga ankachitira ndikabwera mochedwa kusukulu.

"Iwe, ukundijambula ndi duku lakuthali? Dikira ndivale labwino."

Kunamveka kuseka kwa mwana wojambulayo. Kanema anachoka pa mayi ake n'kuyamba kuzungulira mudzi. Nyumba zofolera ndi udzu, khola la mbuzi, kanjira kopita kumjigo, mayi wina akufuula kupempha mchere.

Ine ndinkayang'ana achemwali okha, ndikudikira kuti abwererenso. Alamu ankaloza zina.

"Iyo ndi nkhokwe ya akulu a mpingo. Apo ndi pa mayi ophika kachasu, mukuona mbiya? Kamwana kakuthamangitsa nkhukuko, pano amake anatsala okha. Kanapita ndi madzi." Anapukuta kumaso ndi chitenje chija. "Inu mukuyesa amabwerera moto wokha? Foni ina imabwera ili yodzaza kale. Amalowetsa chingwe kuti apeze pokhalira. Kenako amati, tayatsani tione kwathu."

Kanemayo anatha achemwali asanavale duku labwino lija. Tinamuoneranso, n'kumuoneranso, mpaka mthunzi wa khonde unafika pamsewu.

Laputopu sikanatha kubwerera tsiku limenelo, chifukwa popanda batire sikanayaka kumudzi. Ndinati ndifunafuna lina. Powaperekeza ndinawafunsa ngati anansiwo angalole kusiyana ndi timakhadi tawo kwa tsiku limodzi.

"Mukufuna nyimbo zawo?"

"Ndikufuna matenda awo."

Anabweranso Loweruka lina m'mawa, kusanatenthe. M'thumba la malaya anatulutsa kabokosi ka machesi. Munali timakhadi ta m'mafoni, kalikonse kokulungidwa m'kansanza ka mtundu wake kuti eni ake asasokoneze. Alamu ankatidziwa tonse: kofiira n'ka akulu a mpingo, kamaluwa n'ka mayi a kamwana kothamangitsa nkhuku kaja. Ndinatitsuka kamodzikamodzi, nyimbo ndinazisiya, ndipo m'kalikonse ndinaikamo kanema wa mudzi, nditamuchepetsa kuti aziseweredwa ngakhale pa foni ya mabatani.

Batire ndinali nditalipeza m'laputopu ina yosweka sikirini. Timabowo ta m'mbali tija ndinatitseka makutu, kuti tizipereka moto koma tisamamve chimene foni ikunena. Kenako ndinapereka malangizo. Kwa ometa iziikidwa pansi, osati kufupi ndi malata. Panjinga iziyenda m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Isamaikidwe pabulangete ikuyaka, chifukwa imapumira kunsi. Moto ukatsala pang'ono, izizimitsidwa.

"Ndipo munthu akabwera moto utatsala pang'ono?" anafunsa.

"Mumuuze abwere mawa."

"Takhuta, alamu," anathokoza, akukulunga laputopu m'chitenje. Anayankhula mwaulemu kwambiri moti ndinadziwa kuti langizo lomalizalo latsala pakhonde pomwepo.

Batire lachiwirilo silinakhalitse. Laputopu nayo inadzafa, ndipo alamu anaisunga m'sutikesi pamodzi ndi chitenje chake. Sanabwere nayo kwa ine, ndipo nditafunsa anangoti yapuma.

Patapita zaka ndinkawoloka Shire kupita kukawaona. Kunali kotentha, madzi ali phee, mapiri a kutsidya akunjenjemera m'dzuwa. Ndinkawodzera, dzanja limodzi lili pamphepete mwa bwato. Kumbuyo kwanga kunamveka mawu.

"Iwe, ukundijambula ndi duku lakuthali?"

Ndinayesa ndi maloto aja abweranso. Nditatembenuka ndinaona mayi wina amene sindinkamudziwa, mtolo wa nsomba zouma uli pamiyendo, akutchinga foni ndi chikhato kuti mnzake aone bwino. Ataona kuti ndikuyang'ana, anamwetulira.

"Ndi kwathu uku, bambo, madzi asanabwere. Ndikuonetseni?"

"Ndionetseni," ndinatero, ndipo ndinasendera pafupi.