Mbatata ya Azakhali pa Tsiku Loyezetsa Magazi

Ndinafika ku Kitwe ndi chikwama chimodzi ndi kalata yondiitana ku maphunziro a miyezi itatu. Ankatiphunzitsa kufufuza mmene zimene munthu anatengera kwa makolo zimakumanirana ndi zimene amadya, chifukwa chake abale awiri odyera mbale imodzi wina amadwala shuga koma mnzake ayi. Anatiuziratu kuti pomaliza adzasankha ochepa oti aziyenda m'makomo kukayeza anthu. Ndinkafunitsitsa kukhala mmodzi wa iwo. Anzanga anali ana a m'tauni, olankhula Chibemba ndi Chingelezi mosapumira. Ine wa sukulu ya kumudzi ku Katete ndinkakhala kumbuyo n'kumalemba chilichonse, ngakhale nthabwala za aphunzitsi.

Sabata yachitatu aphunzitsi athu, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anati: "Musanabaye chala cha munthu wina, mubayidwe kaye inuyo. Mawa mubwere osadya kanthu kuyambira madzulo. Madzi okha basi."

Ndinkakhala kwa azakhali anga ku Ndeke, dera lina la mu Kitwe momwemo. Sindinawauze, chifukwa ndinkaona ngati ndi mwano kuuza mwini nyumba kuti asandiphikire. Ndinaganiza zongozemba m'mawa asanadzuke. Ndikutsegula chitseko, nsapato zili m'manja, ndinawapeza pakhonde akukupiza mbaula.

"Ukupita kuti ngati mbava? Khala pansi."

"Ndakhuta, azakhali."

"Wakhuta chiyani, mphepo? Mwana wa mlongo wanga atuluke muno ndi njala, kuti atate ako akamve zoti ndikukusunga ngati mbuzi yobwereka?"

Anandipatsa mbale ndi manja awiri: mbatata yotentha, imene kuno amati kandolo, chiponde pambali, ndi tiyi. Kwathu wamkulu akakupatsa chakudya motero subweza. Ndinadya, iwo akundiyang'anira mpaka kapu itauma.

Mu minibasi ndinkadzilimbitsa mtima kuti mbatata ziwiri si kanthu. Koma atandibaya chala, mnzanga amene ankawerenga kamakina anaimba mluzu. Aphunzitsi anabwera, anayang'ana nambala ya shuga imene inali itakwera, kenako anayang'ana ine.

"Kwanu alipo odwala shuga?"

"Agogo anga aamuna ndi atate aang'ono," ndinayankha, ndipo zinali zoona.

Nkhope yawo inasintha. Anandigwira paphewa mwachifundo, n'kundipempha ngati ndingalole kuti afotokozere anzanga. Ndinagwedeza mutu movomera. Anayamba kuwauza kuti taonani, mnyamata woonda chonchi, woyenda pansi, koma za m'banja zamulondola. Anatenganso pepala kuti andilembere kukaonana ndi dokotala. Anzanga onse ankalemba m'makope mwawo. Ndinaona kuti mbatata ya azakhali ikusanduka phunziro labodza, ndipo ndikanena zoona mwina andibweza kumudzi. Dzanja langa linakwera lokha.

"Amayi, pepani. Ndinadya."

Wina kumbuyo anaphulika ndi kuseka, kalasi yonse n'kutsatira. Aphunzitsi sanaseke.

"Unadya chiyani?"

"Mbatata ziwiri, imodzi ngati chibakera changa, ina yocheperapo. Chiponde supuni imodzi. Tiyi wopanda mkaka, shuga masupuni atatu. Inali sikisi koloko itangodutsa."

"Masupuni atatu unawawerenga?"

"Ndinkawaona azakhali anga akuthira, amayi. Ndinalephera kuwaletsa."

Apa m'pamene anaseka, mpaka anavula magalasi. Atapuma anatembenukira anzanga. "Amene wadyanso m'mawa uno akweze dzanja." Panapita kanthawi, manja awiri anakwera. Wina anati chitumbuwa chimodzi chokha pa siteshoni, ndipo chinali chaching'ono.

"Mwaona," anatero aphunzitsi. "M'makomo mukakumana ndi zomwezi. Mukauza bambo kuti asadye, koma mbale siili m'manja mwa bambo. Muziyamba mwalankhula ndi wophika." Kenako anandiloza: "Iwe uyezedwanso mawa. Ukawauze wekha azakhali akowo."

Madzulo ndinagwada pafupi ndi azakhali n'kufotokoza zonse, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Anawomba m'manja.

"Iwe mwana! Pakamwa anakupatsa pa chiyani? Ukanangonena kuti ndi zachipatala. Ifenso kutchalitchi timasala kudya, palibe amene anafapo."

M'mawa mwake anandiperekeza mpaka pamsewu atanyamula kabakuli ka mbatata kokulunga m'nsalu. Anauza kondakitala m'Chibemba kuti andiyang'anire ndisatsegule, anthu m'basi n'kuseka. Magazi anga anapezeka bwinobwino, ndipo mbatata ija tinagawana anthu anayi.

Mayina a osankhidwa atatuluka, langa linalipo. Anandipatsa ntchito yopita tsiku limodzi anzanga asanafike, kukakhala pansi ndi amayi ophika m'makomo a ku Kwacha ndi ku Ndeke. Nthawi zambiri ndikamaliza kufotokoza za kusadya, ankandipatsa kanthu koti ndidye ndisananyamuke, ndipo popeza woyezedwa sanali ine, ndinkalandira ndi manja awiri.