Chitenje cha amayi chapezeka pa mapiko a ndege

Mwaswera bwanji nonse.

Lero tatsegula kachipinda ka malemu atate kuseri kwa nyumba ku Kapata, komwe ankakonzeramo mawailesi m'zaka za m'ma 1990. Paja ankatikaniza kulowamo.

Zonse zili m'malo mwake. Chida chilichonse chili pa msomali wake, ndipo anachijambula pakhoma ndi choko kuti chisasochere. Mawaya ali m'zitini zolembedwa mayina.

Koma kudenga kwapachikidwa kandege kamatabwa koyendera rimoti, kotalika ngati mkono. Mapiko ake anawakuta ndi nsalu yobiriwira ya mbalame zachikasu. Ndayang'ana kawiri. Ndi chitenje chija amayi anagula ku Mwami, chimene chinasowa pachingwe. Amayi ankati anatenga ndi azakhali a ku Chiparamba, mpaka awiriwo anatha zaka ziwiri osalankhulana. Atate ankangoti, "Zisiyeni, chidzapezeka."

Anatha bwanji kukhala chete nthawi yonseyo? Nanga kandegeka kanaulukapo n'komwe? Alipo anakaona m'mwamba?

Amayi sali pagulu lathu la pafonili, ndiye sanamve. Azakhali, inu muli pano. Tikawauze ndife, kapena mukufuna mukawapatse kandegeka ndi manja anu?