Nsapato ya kumanzere

Nsapato za bola tinagula limodzi, ine ndi mnzanga wa ku Lifidzi, pa kaunjika wa ku Kalomwe. Zinali shuteira zenizeni, zakuda, zamano kunsi, koma zinali ziwiri zokha, ya kumanja ndi ya kumanzere. Sitinakangane. Ine bola ndimamenya ndi mwendo wamanja, iye anali wamanzere chibadwire, ngakhale khasu ankaligwira mokhala ngati akulima chobwerera. Aliyense anatenga yake. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Pitani pa kampu, bwalo la bola, iliyonse ya kumudzi Lamulungu masana, mukaona amuna andevu akuthamanga phazi limodzi lovala, lina lili pansi. Limavala ndi phazi lomenya bola, linalo ntchito yake n'kuponda basi.

Chovuta chinali chakuti sitinali a ekipa imodzi, aliyense anali ndi timu yake. Ine ndinkasewera kutsogolo ku ekipa ya kwathu, kufupi ndi misyoni ya Fonte Boa kumene ndimaphunzitsa ana. Iye ankatchinga kumbuyo ku ekipa ya kwawo, ndipo tikakumana ntchito yake inali ine. Masiku ena onse ankakankha matumba a kachewere pa njinga kuwolotsa malire, choncho miyendo yake inali ngati misi. M'kampu sankalankhula. Ndinkangomumva kumbuyo kwanga, gwa, phwa, gwa, phwa, nsapato ndi phazi, nsapato ndi phazi, komanso mpweya wake wotentha m'khosi mwanga. Anthu ankatiseka kuti tikaima pamodzi m'pamene timakwana munthu mmodzi wovala bwino.

Mwendo wanga unathyoka m'nyengo yachisanu, kampu itauma gwa. Bola inagwera pakati pathu titayang'anizana. Ine ndinatumiza mwendo wamanja, iye wamanzere. Bola inadzithawira yokha, ndipo chimene nsapato yake inapeza chinali msongolo wanga. Ndinamva kuti thyo, ngati nkhuni youma, mpaka ndinayamba ndayang'ana kunja kwa kampu kuti ndione amene wathyola mtengo. Kenako ndinaona phazi langa litaloza kumene silinalozepo.

Ndi iye amene anandipereka ku chipatala cha ku Ulongwe. Anandikhazika pa njinga pamene amaika matumba, namanga mwendo ku thabwa ndi malegeni, nayamba kukankha. Nsapato ija anali asanavule. Njira yonse ndinkaimva ikugogoda m'mbali mwanga, iye akungoti, "Achimwene, ine ndimafuna bola. Bola, achimwene." Ine ndinali nditaluma malaya.

Kuchipatalako anandiika chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka ku zala. Amene sanavalepo chikhakha asanene kuti amadziwa kuyabwa. Ndinkakanda ndi waya wa njinga, mkazi wanga n'kumandilanda, ine n'kumaba wina. Odzazonda ankabwera aliyense ndi mankhwala ake a pakamwa. Malume anga, amene sanamenyepo bola chibadwire, ndi amene anabwera ndi lamulo. Anagogoda chikhakha ndi ndodo yawo nati, "Fupa limamva dzanja la amene analithyola. Ichi chikachoka, wothyolayo abwere adzathowe mwendowu ndi madzi otentha, iye woyamba, wina asanaugwire. Apo ayi, mwendo umachira koma sukhulupirira nthaka."

"Malume, fupa lili ndi makutu?" ndinawafunsa.

"Ana a ku misyoni inu," anatero, nanyamuka.

Mnzanga uja atamva sanaseke. Ankabwera kawirikawiri akamachokera ku malire, n'kukhala pakhonde, n'kumayang'ana chikhakha ngati munda wake umene wagwa matalala. "Tsiku lochotsa mundiuze, achimwene," ankatero. "Ndibwera ndi chiguduli changa. Ndinathyola ndine, ndithowa ndine." Ine ndinkamuseka kuti manja ake okankha njingawo andithyolanso kachiwiri.

Kutatsala masiku ochepa kuti chikhakha chichoke, kamiyau, lole yodzaza chimanga, inataya mabuleki pa mtsetse wa ku Kalomwe, m'mawa wa nkhungu. Mnzanga uja anali kutsogolo kwake ndi matumba ake. Amene anaona akuti kachewere anamwazika msewu wonse, ndipo panalibe amene anatola ngakhale mmodzi. Ku maliro anandinyamula pa ngolo. Kumanda sindinafike. Ndinatsala pa mkeka pamodzi ndi okalamba, mwendo uli tambalale, ndikumva nyimbo zikutsetserekera kudambo mpaka zinazilala.

Tsiku lochotsa chikhakha, mwendo umene unatulukamo sindinaudziwe. Unali woonda, wotuwa, wonunkha ngati thumba lonyowa. A infirimeru, anamwino a pachipatalapo, anakweza chithunzi cha fupa pa zenera nandionetsa pamene lagwirana. "Lachira ili, apulofesori," anatero. "Chatsala ndi inu. Muziponda pang'onopang'ono." Anandiphunzitsa zochita: kukunkhuniza botolo ndi phazi, kuimirira ndi zala pa chiwundo cha khonde, kumanga legeni ku mwendo wa bedi n'kumakoka. Madzulo ake mkazi wanga anawiritsa madzi. Anaviika nsalu, naifinya, naima nayo ikufuka nthunzi. Tonse tinkadziwa chimene waimira. Kenako anati, "Nanga tidikira ndani?" nagwada n'kuthowa.

Kuyenda kunabwera. Ndinataya ndodo yoyendera imodzi, kenako inzake, ndinabwerera m'kalasi, ndinalima nawo nyemba. Koma kuthamanga kunakana. Mwendo sunkapweteka ayi. Kungoti ukati ufike pansi unkabwerera m'njira, ngati munthu woponda mlatho wa mitengo umene sakuudziwa. Ndinkaukalipira, nthawi zina mokweza. Ndine munthu wosafuna kugonja, makamaka kugonjera mawu a malume anga.

Ndinasankha kuyesa m'mawa kwambiri, ana a sukulu asanadzuke, chifukwa mphunzitsi wodumphira ngati khwangwala ndi nkhani ya chaka chonse. Pali njira yochoka kwathu, yodutsa m'minda ya nyemba, n'kulowa pakati pa mizere ya mabulugamu mpaka pachipata cha misyoni. Tsiku limenelo nkhungu inali itagona pansi, moti mitengo inkaoneka miyendo yokha. Ndinali nditavala nsapato wamba zamphira, zonse ziwiri. Nditalowa m'mabulugamu ndinadzikakamiza kuthamanga. Ndipo ndinamva, pafupi, kumbuyo kwanga: gwa, phwa, gwa, phwa.

Ndinaima. Nazonso zinaima. Ndinacheuka, kunali nkhungu yokha. Ndinadziuza zimene ndimauza ana m'kalasi, kuti phokoso likagunda chinthu limabwerera, ndipo munthu wotsimphina mapazi ake salira mofanana. Ndinayambanso. Zinayambanso, ndipo ulendo uno ndinamva kutentha m'khosi, pamalo pomwe paja. Nkhungu ya kuno imazizira mpaka m'mano, siitenthetsa munthu khosi. Ndinabwerera kunyumba poyenda, tsitsi litaima.

Ndinayesanso masiku ena, ndipo sanaphonyepo. Ndikayenda kunalibe kanthu. Ndikangoti ndithamange, anali pomwepo, wosandipitirira, wosatsalira, monga ankachitira m'kampu. Ndinkaopa, sindibisa. Sindinkaganiza kuti ali ndi mangawa nane, pakuti ine ndiye ndinali wothyoledwa. Ndinkaopa chifukwa ndinkamudziwa. Anali munthu woti akanena kuti thumba lifika, limafika, kaya mvula kaya matope. Analonjeza kudzagwira mwendo wanga, ndipo sindinkadziwa kuti dzanja la wakufa likagwira mwendo limausiya wotani.

Choncho ndinasiya. Mvula inabwera n'kupita. Ekipa inapeza wina wa kutsogolo, ine mimba inayamba kukankha malaya. Lamulungu ndinkamva phokoso la ku kampu ndili pakhonde ndikusenda nyemba, ndipo ndinkakwiyira aliyense, nkhuku ndi ana omwe. Nsapato yanga ya kumanja inali pamtanda wa denga, akangaude atamangamo nyumba.

Mkazi wa malemu uja anabwera Loweruka lina atatha kukolola, mowa wa m'meto utachitika kwawo. Anali paulendo wa ku msika, dengu la nyemba pamutu, mwana kumsana. Ndi mayi wosazungulira polankhula. Atalonjerana ndi mkazi wanga, anamasula mpango naika chinthu pansi patsogolo panga. Inali nsapato ya kumanzere, dothi la kampu likadali pakati pa mano ake.

"Alamu, katundu wa anzanu abale agawana," anatero. "Ichi aliyense wakana. Nsapato imodzi avala ndani? Eni ake ankati inzake ili kuno."

Ndinathokoza. Iye anayang'ana mwendo wanga.

"Ndamva kuti sunathowedwe."

"Anathowa amayi a kunyumba kuno, alamu."

"Si zimenezo ndikunena. Masiku omaliza aja sankagona nazo. Chiguduli anachita kung'amba ku malaya awo, chili mommo." Anapisa dzanja m'nsapato natulutsa kansalu kopindidwa. Kenako anatembenukira kwa mkazi wanga. "Amayi, tatelekani madzi."

Madzi atatentha anandiuza kuti nditambasule mwendo. Anaviika kansalu kaja, nakayala pa msongolo. Ndinkayembekeza kuti akanikiza ndi manja, koma iye analowetsa dzanja lake m'nsapato muja n'kukanikiza ndi nsapatoyo. Mano a nsapatoyo ndinawamva kupyola nsalu, pa chipsera penipeni. Ndinafuna kuchotsa mwendo.

"Khalani bata, alamu," anatero. "Dzanja lili kumanda. Chatsala ndi chimene chinathyola." Kenako analankhula ndi mwamuna wake, osati mwapemphero, koma monga mmene mkazi amaitanira munthu amene ali kuseri kwa nyumba. "Abambo ake mwana, mwendo wa anzanu uja ndi uwu. Munkati mubwera, ndabwera ndine. Ntchito yatha. Asiyeni athamange, inunso mukapume."

Anathowa mpaka madzi anazizira. Atatha anapukuta manja pa chitenje, anasenza dengu lake, nati msika sudikira munthu. Malume atamva anapukusa mutu nati mwambo suyenda choncho, sanaonepo nsapato ikuthowa munthu. Koma sanati zibwerezedwe.

M'mawa mwake ndinatsitsa yanga ija padenga, n'kukutumula akangaude. Kuyambira tsiku lija tinazigula ku Kalomwe nsapatozo zinali zisanakhalepo pa munthu mmodzi. Ya kumanzere inali itatanuka. Chala chake chachikulu chinali chitakumba kadzenje pamene changa sichifika, ndipo chidendene chinali chitadyekera kunja, moti phazi langa linkapendekera momwe lake linkapendekera. Ndinamanga zingwe, ndinatuluka. Nkhungu inalipo monga mwa masiku onse.

M'minda ya nyemba ndinayamba pang'onopang'ono. Mwendo wamanja unafika pansi, wonse, n'kunyamuka. Unafikanso. Kaya anali madzi otentha, kaya mawu a mayi uja, kaya mwendo unali utangotopa ndi mantha, ine sindidziwa, ndipo ndinasiya kutsutsana ndi malume. Ndinalowa m'mabulugamu ndikuthamanga ndithu, mapazi onse akulira mofanana, gwa, gwa, gwa, gwa. Ndinatchera khutu kumbuyo. Kunali zii.

Ndinayenera kusangalala, ndipo kanthawi kochepa ndinasangalaladi. Koma pofika pakati pa mitengo ndinapezeka ndachepetsa liwiro, monga umachitira podikira mnzako amene watsalira. Ndinatsimphina dala. Ndinafika mpaka povula nsapato imodzi n'kuthamanga phazi lili pansi, kuti mwina amva kulira kwake abwere. Khosi langa linali lozizira. Miyezi yonse ija ndinkamuthawa, osazindikira kuti pamene panatsala pokumana naye panali pomwepo. Ndinakafika pachipata cha misyoni, ndinakhala pansi, ndinalira maliro amene sindinalire pa mkeka paja, mpaka belu la misa linandidzutsa.

Ku bola ndinabwerera, ngakhale tsopano ndimasewera ndi madala anzanga, amene timathamanga pang'ono n'kukangana kwambiri. Nsapato zija ndinavala mpaka zinang'ambika, ndipo inayamba kutha ndi yanga. Anditchingapo anthu ambiri, ena aluso kuposa iye, koma onse amavala mapazi awiri ndipo amalankhula kwambiri. Mpaka lero, bola ikamabwera kwa ine, ndimayamba ndacheuka. Anzanga amakalipa kuti, "Menyani, apulofesori, mukuyang'ana chiyani? Kumbuyoko kulibe munthu!" Ndimadziwa kuti kulibe.