Ndinakudulani Mawu, Ababa

Ababa, lero phiri likuyakanso, utsi wafika mpaka kuno ku Mbedza, ndipo ndakumbuka masana aja tili pakhonde, miyezi iwiri musanatisiye. Ndinali nditakumangani makina oyezera BP pamkono. Inu munaloza moto umene unkanyeketsa mitengo ya paini kumtunda, n'kuyamba kufotokoza za kampani ya inshuwalansi ya moto ndi ya moyo imene munaigwirira ntchito mpaka kupuma: mmene inayambira nthawi ya atsamunda, mmene munkayendera khomo ndi khomo panjinga, anthu n'kumakupirikitsani ati mwabwera kudzawaitanira maliro. Ine ndinakudulani mawu. "Ababa, khalani kaye chete, mukamayankhula makinawa amanama." Munaseka. "Iwe Esinati, ndagulitsa inshuwalansi kwa anthu amantha ambiri, koma iwe wawaposa onse. Chabwino adokotala, ndidzamaliza mawa." Mawa lakelo ndinabweranso ndi makina omwewo.

Kampaniyo inagulitsidwa kalekale, dzina lake analifufuta pakhoma, ndipo anzanu akuntchito amene ndikanawafunsa anatha onse. Sabata yatha ndinapeza kachikwangwani kachitsulo ka kampaniyo m'sutikesi mwanu, kali ndi mabowo a misomali. Sindikudziwa kuti kanachokera panyumba ya yani, kapena chifukwa chimene munakasungira. Kope limene ndinkalembamo ndikakuyezani lija ndikadali nalo, muli tsiku, ola ndi manambala a BP yanu, osaphonya ngakhale kamodzi. Koma za nkhani yanu ija mulibe ngakhale mzere umodzi. Mundikhululukire, Ababa. Kukanakhala lero, wokhala chete ndikanakhala ine.