Ndinkaopa Bomba, Chinandigwetsa ndi Munga

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Lachitatu m'mawa, kumapeto kwa mwezi wa Setembro, ndikukonzekera kupita kuntchito, phazi langa lakumanzere linakana kulowa m'nsapato ya tayala imene ndinkavala tsiku ndi tsiku. Linali litatupa, khungu likunyezimira, ndipo kunsi kwa zala kunali kabala kakang'ono kakuda. Ululu unali wochepa. Kuchepa kwa ululuko ndiko kunandinyenga, ndipo ndikulemba izi podziwa kuti alipo anzanga a msinkhu wanga amene lero akubisa phazi lotere.

Ndimakhala ku Kanongola, muno mu Tete, pamodzi ndi mwana wanga wamkazi Luzia. Tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndipo ndinapeza ntchito youmba mabuloko a simenti pamalo pamene ankamanganso sukulu. Kulemba ndinakuphunzira kumsasa wa othawa nkhondo imvi zitayamba kale, choncho mundikhululukire pamene dzanja lakhota.

Balalo ndinalitenga paulendo wa Loweruka ndi Lamlungu la sabata yapitayo. Mlamu wanga Zuze, makanika wa malole, anali atandiumiriza kwa nthawi yaitali kuti ndikamuonetse pamene ndinaika mlongo wake. Mlongo wakeyo, mkazi wanga, amake Luzia, anamwalira tikuthawa, m'chigwembe cha mtsinje wouma cha ku Changara, ndipo ndinawaika ndekha, mofulumira, pansi pa miyala. Panalibe wina wodziwa malowo. Za tsiku limenelo sindilemba zambiri.

Tinakwera lole mpaka pamene msewu umadutsa mtsinjewo, kenako tinayamba wapansi. Aliyense anabereka thumba lakale la ufa lomangidwa zingwe za m'mapewa. M'katimo munali chigubu cha madzi, kampoto, ufa, nsomba zouma ndi nsalu yofunda. Zuze anawonjezera mtanda wachitsulo umene anauwotcherera yekha kugalaji. Inali nyengo imene mitengo imaphukira timasamba tofiira mvula isanagwe, koma m'chigwembe muja munali ngati m'ng'anjo. Mbali zonse ziwiri kunali makoma a miyala, pansi mchenga woyera wotentha, pamwamba milambe yopanda tsamba ndi anyani otiyang'ana. Nyenje zinkalira mpaka makutu kugontha. Madzi akachepa tinkafukula mumchenga pa ngodya za mtsinje ndi kudikira kuti matope akhale pansi.

Ochotsa mabomba okwirira, amene kuno timati mina, anali asanafike kumeneko. Lamulo lathu linali lakuti tiyende pakati pa mchenga, mmene munali mapazi a ng'ombe. Mthunzi wonse unali m'mbali, ndipo tinkangouyang'ana. Tinagonanso pakati pomwepo.

Lamlungu m'mawa tinafika pamene mtsinje umakhota, pamene ndinkaganiza kuti ndi pomwepo. Kuti ndione bwino ndinayenera kuchoka pamchenga ndi kukwera kumtunda. Ndinavula nsapato. M'nthawi ya nkhondo tinkakhulupirira kuti phazi losavala limamva msanga waya kapena dothi lofukulidwa, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinali chisanandichoke. Nditakwera pang'ono, chinthu chinathyoka pansi pa phazi langa. Ndinauma pomwepo.

"Alamu, musayandikire! Ndaponda!" ndinafuula.

Zuze anadziponya kuseri kwa mwala. Tinadikira. Palibe chinaphulika. Nditakweza phazi pang'onopang'ono ndinaona kanthambi kouma ka mthethe kali lendelende, munga wake utalowa m'mnofu. Zuze anaseka mpaka misozi.

"Alamu, limeneli ndi bomba la mbuzi! Bweretsani kuno ndikuchotsereni, mwapulumuka."

Anauzula ndi pulayazi, ndipo tonse sitinaone kuti nsonga yake yatsalira. Munthu amene amayembekeza kuduka mwendo saona munga ngati kanthu. Ndinamanga kansanza n'kupitiriza.

Manda sitinawapeze. Madzi a zaka zambiri anali atasuntha miyala ndi kugumula gombe, ndipo mtengo wa msau umene ndinkaudalira ngati chizindikiro unali ndi anzake ambiri ofanana nawo. Tinafuna mpaka dzuwa litafika pamutu. Mtanda uja tinabwerera nawo. Zuze sanandinyoze, koma kukanakhala bwino akanatero.

Phazi litatupa Lachitatu lija ndinang'amba lamba wa nsapato ndi kupita kuntchito. Tsiku lonse ndinaima m'madzi a simenti. Madzulo Zuze anabwera ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki, nanena kuti madalaivala onse a msewu wa ku Zobwe amachira ndi amenewo. Anathira pabala, ndipo kutentha kwake ndinakuyesa mphamvu ya mankhwala. Mnzanga wina wakuntchito anandiuza za ufa wakuda wa m'batire la wailesi, ndipo nawonso ndinaupaka. Palibe mwa anthu amenewa amene ankandifunira zoipa. Ndi mmene tinkadzichiritsira m'tchire.

Sabata yotsatira thupi linayamba kutentha ndi kuzizidwa. Ludzu silinkatha, ndipo ndinkataya madzi pafupipafupi. Kutupa kunakwera kupyola kakolo. Zala ziwiri zazing'ono zinasanduka zotuwa, kenako zakuda, ndipo sizinkamva ndikazitsina. Ndinasiya ntchito n'kumagona m'nyumba phazi litafundidwa.

Kuchipatala ndinakana pa zifukwa ziwiri. Choyamba, m'tauni munali mbiri yoti wolowa kumeneko ndi bala la kuphazi amatuluka ndi ndodo za m'khwapa. Anthu a ndodowo tinkawaona tsiku lililonse pafupi ndi mlatho ndi kumsika, thalauza litapindidwa pabondo. Sitinkaganiza kuti miyendoyo inaduka kale kumunda madotolo asanaione. Chifukwa chachiwiri sindinauze munthu. Mumtima ndinkati munga umenewu wachokera m'dothi lija, wasankha ine, ndipo ndiyenera kuupirira.

Amene anathetsa zimenezi ndi Luzia. Anaona ntchentche zikuunjikana pansalu, anafundukula, ndipo anathamangira panja kukasanza. Atabwerera anandiuza mawu ochepa.

"Bambo, amayi sindikudziwa pamene agona. Inu mukufuna ndikuikeni chifukwa cha munga? Dzukani."

Zuze anabwereka galimoto kugalaji. Tinafika kuchipatala m'mawa, ndipo tinakhala pabenchi mpaka dzuwa litapendeka, pakati pa amayi a ana odwala malungo ndi mnyamata wovulala pangozi ya njinga. Anthu ankasuntha kutalikirana nane chifukwa cha fungo. Namwino atamasula nsanza anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chinyanja, akunditcha vovo, kutanthauza agogo.

"Vovo, mwathira chiyani apa?"

Nditamuuza, sanakalipe. Anangopukusa mutu n'kuitana dotolo. Ananditenga magazi, ndipo anapeza kuti ndili ndi matenda a shuga, amene mwina ndinakhala nawo zaka osadziwa. Dotolo anafotokoza kuti shuga amapha kumva kwa mapazi, n'chifukwa chake bala lalikulu chotero silinkandipweteka mokwanira. Kenako anatenga cholembera m'thumba, najambula mzere pamsongolo wanga pamene kufiira kunalekezera, nalemba tsiku pambali pake.

"Kufiiraku kukadumpha mzere uwu, tidzakambirana za mwendo," anatero.

Anandigoneka m'chipinda cha amuna a mabala. Mabedi ambiri anali a anthu a mina: alimi amene anabwerera kuminda yawo yakale, wina wotola nkhuni, wina woweta ng'ombe. Bedi loyandikana ndi langa linali la Alufandika, bambo wa ana asanu, amene anataya mwendo wakumanja akuswa mphanje m'munda wa atate ake. Tsiku loyamba anandifunsa kuti yanga inali mina ya mtundu wanji. Nditayankha kuti unali munga, chipinda chonse chinaseka, ngakhale amene ankabuula. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Madala Munga.

Masiku a m'chipatala amafanana. Kusanache bwino namwino ankabwera kudzayeza kutentha kwa thupi ndi kubaya chala kuti aone shuga. Botolo la madzi, limene iwo amati soro, linkalendewera pamwamba panga, ndipo mankhwala ankalowera m'mtsempha m'mawa, masana ndi madzulo. Chovuta chinali kutsuka mabala. Kangolo ka zitsulo kankayambira kukhomo, bedi ndi bedi, ndipo tinkamva kulira kwa anzathu kukuyandikira. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti mbali ina ya phazi langa ikadali yamoyo. Masana kutentha kwa mwezi wa khumi, wa Outubro, kunkalowa ndi m'malata, ndipo tinkangogona thukuta lili kamukamu. Luzia ankabwera ndi chakudya chopanda shuga, n'kukachapa nsalu zanga pampopi wa kuseri pamodzi ndi amayi ena odwazika.

Ine ntchito yanga inali kuyang'ana mzere. M'mawa uliwonse ndinkakweza nsalu ndi kuyeza ndi chala. Patapita masiku ochepa kufiira kunafika pamzere, ndipo m'mawa wotsatira kunali kutaudutsa. Dotolo anajambula mzere wina pansi pa bondo, pamene kufiirako kunafika. Anati mawa lake adzachotsa zala zakufazo ndi kutsegula phazi, ndipo zimenezo zikalephera, adzadula mwendo kuti apulumutse moyo. Anandipatsa pepala loti ndivomereze. Namwino anabweretsa inki ya chala, koma ndinapempha cholembera ndi kulemba dzina langa. 

Anandichotsa zala ziwiri ndi mnofu wa m'mbali mwa phazi. Nditatsitsimuka namwino anandionetsa kambale kachitsulo. Munali nsonga ya munga yaifupi kuposa chikhadabo, yakuda.

Kenako kunali kudikira. Kufiira sikunakwere, komanso sikunatsike. Thupi linkatenthabe. Ndinkaona anzanga akutengedwa pamachira ndi kubwerera nsalu itagona pamene panali mwendo. Bambo wina wa pangodya anamwalira masana tikuona, ndipo bedi lake linalandira munthu wina dzuwa lisanalowe. Ndinasiya kudya. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kuli bwino angodula, nkhani ithe. Ndinanena zimenezi mokweza, ndipo Alufandika, amene nthawi zonse ankaseka, anadzuka pa chigongono nandiyang'ana.

"Madala, wanga anandilanda, sanandifunse. Inu mukufuna kupereka wanu ngati mbuzi ya pamaliro? Idyani phala ilo, musatinyanse."

Ndinadya. Sindinganene kuti phala ndilo linandichiritsa, chifukwa anali mankhwala ndi manja a anamwino amene ankatsuka bala lija tsiku lililonse osanyansidwa. Koma m'mawa wina ndinapeza kuti pakati pa kufiira ndi mzere wachiwiri uja palowa chala chimodzi. Mawa lake panalowa ziwiri. Khungu linayamba kuchita makwinya ngati la nkhalamba, mmene liyenera kukhalira. Dotolo anakanikiza msongolo ndi chala chake chachikulu, nabwezera cholembera m'thumba osajambula kanthu.

"Mwendo ndi wanu, vovo. Mukanabwera sabata yoyamba, zala nazonso zikanakhala zanu."

Bala la munthu wa shuga limapola mochedwa. Ndinakhala m'chipatala mpaka mvula yoyamba itagwa, ndipo nditatuluka ndinkabwererako kukatsukitsa mpaka chaka chitatembenuka. Alufandika anatuluka ine ndisanatuluke, kupita kukayezetsa mwendo wochita kupanga. Sindinamuonenso.

Lero ndimayenda ndi ndodo imodzi. Ndimamwa mankhwala a shuga osadumphitsa, tiyi ndimamwa wopanda kanthu, ndipo mwezi uliwonse ndimapita kukayezetsa. Nsapato za tayala ndinazisiya. Ndimavala zotseka, ndipo ndisanavale ndimapisamo dzanja kuona ngati mwalowa kamwala. Madzulo Luzia amandiyang'ana kunsi kwa mapazi, chifukwa ine sindingakhulupirire zimene mapaziwo akundiuza. Mabuloko sindiumbanso. Ndimakhala pakhomo ndi kugulitsa malambe ndi masau ouma. Dotolo anandiletsa ulendo wautali wapansi, makamaka pamchenga wotentha, kotero kuchigwembe kuja sindidzapitakonso. Zimenezi zimandipweteka kuposa phazi.

Kwa anzanga amene munabwerako kunkhondo ndi miyendo yonse iwiri, ndikuti musapeputse bala chifukwa choti munaona aakulu kuposa pamenepo. Musathire mafuta a galimoto kapena ufa wa batire. Musadziweruze nokha kuti matenda ndi chilango chanu. Ine ndinayesa, ndipo palibe wakufa amene anapindula ndi zala zanga. Ngati muli ndi ludzu losatha, kayezetseni shuga. Ndipo ngati phazi latupa koma silikupweteka, musathokoze. Pitani tsiku lomwelo, mukadali okhoza kukafika pakhomo la chipatala ndi miyendo yanu.