Kanema Sindidachotse

Mwana wanga wamkazi adasiya kumva ali wamng'ono, atadwala malungo aakulu. Adakula tikulankhulana mongolozerana: akaloza pakamwa ndiye kuti njala, akagwira mutu ndiye kuti wadwala. Zina zonse zinkangotsalira mumtima mwake. Kusukulu adapitako, koma ankangokhala kumbuyo n'kumayang'ana milomo ya aphunzitsi, mpaka adaleka.

Atakula kufika pa namwali, achimwene anga ogwira ntchito ku Chitedze adabwera kwathu ku Nambuma ndi kanema, sola ndi kabokosi ka intaneti. Kanemayu sadali ngati uja tidazolowera, woonera zimene akuikirani. Uyu umasankha wekha, kumuimitsa, kumubweza m'mbuyo mmene ungafunire. Achimwenewo adatipezeramo mayi wina wophunzitsa chinenero chamanja. Mwanayo ankaimitsa chithunzi, n'kuyerekeza ndi zala zake, n'kubwezanso, osatopa. Ine ndinkakhala pambali pake ndikutongola chimanga, kenako ndidayamba kumasiya chimangacho n'kumayesa nawo.

Anzake aŵiri atatu adayamba kumabwera masana. Posakhalitsa mbiri idamveka m'mudzi kuti kwathu atsikana akuonera zolaula.

Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndidapeza amayi otsogolera mphakati wathu akundidikira pakhonde.

"Amake mwana, tamva zambiri," adatero. "Chinthu chanucho chikuwononga ana. Takambirana kuti muchichotse."

"Mwakambirana ndi yani? Loŵani muone zimene amaonerazo."

"Ayi, sindiloŵa. Za intaneti tikuzidziŵa. Komanso mwana wosamva kanema ngwachiyani?"

Mawu amenewo ndi amene adandiwotcha. Khasu ndidaliponya pansi.

"Amayi, zaka zonsezi mwana uyu amakhala phee kutchalitchi, ndani mwa inu adamufunsapo dzina? Lero wapeza womulankhula, ndiye mwakumbuka kuti ali ndi mzimu wofunika kuuteteza, eti? Sindichotsa. Ngati n'kundichotsa mumphakati, ndichotseni ineyo."

Adanyamuka osatsanzika. Anzake a mwanayo makolo awo adawaletsa kubwera. Pachitsime amayi ankati ndikafika nkhani yathera pomwepo. Zidandiŵaŵa, sindinama, koma m'maŵa uliwonse ndinkakwera pampando kupukuta fumbi pa sola, dala, aliyense akuona.

Itakwana nthaŵi yoti mphakati ukumane kwathu, ndimaganiza kuti sabwera. Adabwera, ambiri mwina pofuna kusuzumira m'nyumba. Popemphera ndidaimirira ndi mwana wanga kutsogolo. Iwo akunena Atate Athu ndi pakamwa, ife tidanena ndi manja. Ine ndidasokoneza pakati, iye adandigwira dzanja n'kundikonzera zala. Wina kumbuyo adaseka. Sindidacheuke.

Amayi otsogolera aja sadapepese, ndipo mpaka lero timangopatsana moni wapamwamba. Mumphakati sadandichotse. Kanema ali pomwe adamuika achimwene.

Anthu atabalalika tsiku limenelo, tikupinda mikeka, mwanayo adandikodola. Adandiuza ndi manja, pang'onopang'ono kuti ndimve, kuti nsalu yobiriŵira imene ndinkamugulira chaka chilichonse pa Khirisimasi sankaikonda ngakhale pang'ono. Amafuna yofiira. Ndidakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, ndipo Loŵeruka lake tidakwera kabaza kukasankha limodzi kumsika wa Nsaru.